Eni Ng'oma Amalowa Mochedwa ku Cleveland

Amalume anga ali ndi lamulo limodzi lokha pa nkhani ya nyimbo za rock, ndipo sanalisinthepo chiyambire ndili mwana: ngati m'nyimbo mulibe gitala yamagetsi yolira mpaka mawindo kunjenjemera, nyimboyo ngakhale ikome chotani, si rock ayi. Iwo anakula nthawi ya zimbale zakuda zozungulira pa galamafoni, ndipo mpaka lero amasunga m'katoni zimbale za Deep Purple, Black Sabbath ndi Dire Straits, zimene mwana aliyense pakhomo amadziwa kuti sizikhudzidwa. Ine ndinakula ndikumva nyimbo zimenezi kudzera pakhoma, koma pamene ndinafika msinkhu wosankha ndekha zomvera, makutu anga anapita kwa James Brown, kwa Fela Kuti ndi kwa oyimba a hip-hop. Takhala tikukangana zaka zambiri, ndipo mkanganowo umabuka mwatsopano chaka chilichonse bungwe la Rock and Roll Hall of Fame ku America likalengeza mayina a oyimba amene alowe m'nyumba yake ya ulemu.

Chaka chimene tinatsala pang'ono kusiya kupatsana moni chinali 2016. Gulu la Deep Purple, limene linatulutsa chimbale chake choyamba mu 1968, linali litadikira zaka zoposa 20 kuchokera pamene linayenera kuganiziridwa, ndipo pofika tsiku la mwambo ku Brooklyn, Jon Lord, katswiri wa ogani amene anapatsa gululo theka la kulira kwake, anali atamwalira kale mu 2012, pomwe Ritchie Blackmore, mwini gitala, sanapezeke pamalopo. Usiku womwewo kunalowanso N.W.A, gulu la rap lochokera ku Compton. Amalume anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mphwanga, anthu awa andidikiritsa mpaka imvi, ndiye lero akundipakulira m'mbale imodzi ndi anyamata ongoyankhula pamwamba pa ng'oma za makina?" Ine ndinayankha kuti, "Amalume, mbaleyo inali ya onse kuyambira pachiyambi, kungoti inuyo munaipeza chakudya chili pakati." Yankho limeneli silinawasangalatse, ndipo kunena zoona, ngakhale ineyo sindinali nditamvetsa bwino chimene chinkandiwawa.

N'kofunika kudziwa kaye momwe nyumbayi imayendera, chifukwa ambiri amene amaitukwana pa intaneti amaganiza kuti osankha ndi anthu onse okonda nyimbo. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1983 ndi Ahmet Ertegun, mmodzi mwa oyambitsa kampani ya Atlantic Records, pamodzi ndi akuluakulu ena a malonda a nyimbo, kuphatikizapo Jann Wenner wa magazini ya Rolling Stone. Mwambo woyamba unachitika mu 1986 ku New York, ndipo nyumba yosungiramo mbiri inatsegulidwa mu 1995 ku Cleveland, m'chigawo cha Ohio, m'mphepete mwa nyanja ya Erie. Mzindawu unasankhidwa mwa zina chifukwa cha Alan Freed, muulutsi wa pa wailesi amene anatchukitsa mawu akuti rock and roll ali kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Woyimba amayamba kuganiziridwa pakapita zaka 25 chitulutsireni nyimbo yake yoyamba. Komiti yaing'ono ndiyo imakonza mndandanda wa opikisana, kenako mapepala a voti amatumizidwa kwa anthu oposa 1,000, amene ndi oyimba olowa kale, olemba mbiri ndi anthu a m'makampani a nyimbo.

Kuyambira mu 2012, okonda nyimbo nawonso amaloledwa kuvota pa intaneti, koma mavoti awo onse, ngakhale achuluke bwanji, amawamanga mtolo umodzi n'kuuwerenga ngati pepala limodzi pakati pa mapepala oposa 1,000 aja. N'chifukwa chake Dave Matthews Band inapambana voti ya anthu mu 2020 koma osalowa mpaka 2024, ndipo gulu la Phish linapambana mu 2025 n'kutsala panja chaka chimenecho. Kupatula khomo lakumaso limeneli, pali makomo a m'mbali, amene makiyi ake ali ndi timakomiti ting'onoting'ono: lina ndi la oyimba amene anatsegulira ena njira, lina ndi la luso lapadera, lina ndi la anthu osakwera pa nsanja monga ojambula nyimbo ndi eni makampani. Makomo a m'mbaliwa ndi amene amandiuza zambiri za chikumbumtima cha nyumbayi, chifukwa ndi kumene imalowetsera mwakachetechete anthu amene ikuchita nawo manyazi kuti inawaiwala.

Lamulo la amalume la gitala limagwa tikangoyang'ana anthu khumi oyamba kulowa mu 1986. Anali Chuck Berry, James Brown, Ray Charles, Sam Cooke, Fats Domino, a Everly Brothers, Buddy Holly, Jerry Lee Lewis, Little Richard ndi Elvis Presley. Anayi mwa iwo, Charles, Domino, Lewis ndi Richard, anali anthu a piyano. Sam Cooke anachokera m'gulu loyimba nyimbo zauzimu, James Brown chida chake chinali pakhosi ndi miyendo, ndipo a Everly anabwera ndi kaimbidwe ka country. M'nyimbo zambiri za zaka zoyambirirazo, chida chimene chinkalira pakati pa nyimbo, pamalo pamene lero timayembekezera gitala, chinali saksofoni. Gitala inalongedwa ufumu pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1960, magulu a ku Britain ndi Jimi Hendrix atasintha makutu a dziko lonse. Choncho chimene amalume amachitcha rock yeniyeni ndi nthambi imodzi, yonenepa ndithu, ya mtengo umene mizu yake ili m'matchalitchi a anthu akuda, mu blues ndi mu country. Aretha Franklin analowa mu 1987, mkazi woyamba kutero, ndipo Bob Marley analowa mu 1994. Khomo limeneli silinatsegukepo kwa anthu a gitala okhaokha.

Komabe sindigwirizana kwathunthu ndi yankho limene Ice Cube wa N.W.A anapereka usiku wa 2016 uja, poyankha Gene Simmons wa gulu la Kiss amene ankati rap ilibe malo m'nyumbamo. Ice Cube anati rock and roll si chida choyimbira kapena mtundu wa nyimbo, koma mzimu. Mawuwo ndi okoma pa nsanja, koma dengu lake ndi lalikulu kwambiri moti chilichonse chikhoza kulowamo, ndipo nyumba ya ulemu imene singakane aliyense yasanduka msika. Chimene chimapatsa hip-hop malo, m'maganizo mwanga, ndi ubale wa magazi umene ungathe kulondoledwa ndi khutu. Ng'oma za gulu la James Brown ndizo zinadulidwa n'kukhala maziko a nyimbo zambirimbiri za rap, Run-DMC inajambula limodzi ndi Aerosmith mu 1986 n'kudzutsa gulu la gitala limene linali litayamba kuiwalika, ndipo Rage Against the Machine, imene inalowa mu 2023, sikanakhalapo pakanapanda Public Enemy mbali ino ndi Black Sabbath mbali inayo. Mdzukulu amalowa m'nyumba ya agogo ake chifukwa cha mtundu, osati chifukwa wanena kuti ali ndi mzimu wawo.

Pali muyeso wina umene anthu amakonda kuutulutsa mkangano ukavuta, umene ndi wa msika: wagulitsa zimbale zingati, wadzaza mabwalo angati. Umenewu sindichedwa nawo, chifukwa zikanakhala choncho, komiti ikanachotsedwa ntchito n'kuikapo wowerengera ndalama. The Velvet Underground inagulitsa zochepa kwambiri nthawi yake koma inalowa mu 1996, ndipo palibe munthu wodziwa mbiri ya rock amene amadabwa nazo. Nkhani ya Dolly Parton, woyimba country, ndiyo inandiseketsa. Mu 2022 mayiyu anapempha yekha kuti dzina lake lichotsedwe pa mndandanda, ponena kuti sanagwire ntchito yomuyenereza ulemuwo, koma mapepala anali atapita kale, ovota anamusankha, iye anavomera, ndipo mu 2023 anatulutsa chimbale cha rock ngati munthu wolipira ngongole pambuyo polandira katundu. Amalume, amene sangapirire rap m'nyumbamo, sanadandaule ngakhale pang'ono, chifukwa iwo, monga anthu ambiri a msinkhu wawo kwathu kuno, anakula ndi country ya pa wailesi, ndipo Dolly amamuona ngati wachibale. Nditawakumbutsa lamulo lawo la gitala yamagetsi, anangoti, "Iwe, ameneyo ndi mayi wolemekezeka," nkhani n'kuthera pomwepo.

Muyeso umene ine ndatsalira nawo ndi wa ngongole. Funso langa kwa woyimba aliyense ndi lakuti: kodi alipo oyimba ena amene anasintha kagwiridwe kawo ka chida, kapumidwe kawo poyimba kapena kamangidwe ka nyimbo zawo atamumva iyeyu? Ngati alipo, ndipo ngati iwowo ali kale m'nyumbamo, ndiye kuti mwini chumacho sayenera kuima panja. Bungwelo limanenanso lokha kuti limayang'ana mphamvu imene woyimba anakhala nayo pa anzake ndi pa kukula kwa rock and roll, choncho muyesowu si wachilendo kwa eni nyumba. Vuto ndi lakuti mbiri ya mndandanda wawo imaonetsa chizolowezi chimodzi chobwerezabwereza, chakuti wobwereka amalowa kaye, wobwereketsa n'kumadikira pakhonde. Akuluakulu anati wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina, ndipo ku Cleveland ovina ndi amene amayamba kupatsidwa mipando.

Nditayamba kuona zinthu motere, ndinazindikira kuti dandaulo la amalume ndi langa ndi limodzi. Lars Ulrich, woyimba ng'oma wa Metallica, anaonera Deep Purple ku Copenhagen mu 1973 ali ndi zaka 9, ndipo wakhala akunena kuti usiku umenewo ndi umene unamulozera njira. Metallica inalowa mu 2009, ndipo Deep Purple inatsatira patapita zaka 7, Ulrich yemweyo ndiye anaima pa nsanja kuwalandira aphunzitsi ake m'nyumba imene iye anali atakhalamo kale. Black Sabbath, imene pafupifupi aliyense amavomereza kuti ndiyo inabala heavy metal ku Birmingham, inadikira mpaka 2006, moti mu 1999 woyimba wake Ozzy Osbourne anachita kulemba kalata yopempha kuti dzina la gululo lichotsedwe pa mndandanda. Judas Priest inalowa mu 2022, koma kudzera pa khomo la m'mbali la luso lapadera, ovota atalephera kuisankha. Motörhead, imene liwiro lake linaphunzitsa m'badwo wonse wa magulu a thrash, inaikidwa pa mndandanda wa 2020, mtsogoleri wake Lemmy atamwalira kale mu December 2015, ndipo sinasankhidwe chaka chimenecho. Ngakhale Link Wray, amene nyimbo yake yopanda mawu ya mu 1958 inaletsedwa pa mawailesi ena chifukwa cha ukali wa gitala yokha, ndipo Pete Townshend wa The Who ndi Jimmy Page wa Led Zeppelin amamutchula ngati mphunzitsi, analowa mu 2023, patapita zaka 18 chimwalirireni, pomwe The Who inalowa mu 1990 ndipo Led Zeppelin mu 1995. Pa zimenezi amalume amanena zoona, ndipo ndinawauza choncho.

Koma ngongole yaikulu kuposa zonse ndi ya amayi akuda amene anaumba chamba chimenechi dzina lake lisanadziwike. Sister Rosetta Tharpe, wobadwa mu 1915 ku Arkansas, ankaimba nyimbo zauzimu ndi gitala yamagetsi m'zaka za m'ma 1940, akuikwapula m'njira imene anyamata a pambuyo pake anatchuka nayo. Iye ndi amene anaitanira Little Richard pa nsanja ali mnyamata ku Macon, ndipo Johnny Cash anamutchula polandira ulemu wake mu 1992. Pali kanema wa mu 1964, wojambulidwa pa siteshoni ya sitima yosiyidwa ku Manchester, momwe mayiyu akuoneka atavala chikhoti chachitali, mvula itangogwa kumene, akuyenda pa pulatifomu ndi gitala yake pamaso pa achinyamata a ku England okhala tsidya lina la njanji. Nditawaonetsa amalume kanemayu pa foni, anaonera kawiri osayankhula. Tharpe anamwalira mu 1973, manda ake ku Philadelphia anakhala opanda mwala kwa zaka zoposa 30, ndipo nyumba ya ku Cleveland inamukumbukira mu 2018, patapita zaka 32 ana ake oyimba atalowa.

Nkhani ya Big Mama Thornton ndi yowawa kwambiri, chifukwa munthu angathe kuwerenga ndi zala aliyense amene anadya za m'munda mwake. Iye ndiye anayamba kujambula nyimbo ya "Hound Dog" mu 1952, ndipo inakhala pamwamba pa tchati ya rhythm and blues kwa masabata 7 mu 1953. Elvis Presley anaijambula mu 1956, n'kulowa m'nyumba ya ulemu mu 1986. Jerry Leiber ndi Mike Stoller, amene anailemba, analowa mu 1987. Janis Joplin, amene anagwedeza chikondwerero cha ku Monterey mu 1967 ndi nyimbo ina yolembedwa ndi Thornton yemweyo, analowa mu 1995. Mwiniwake anamwalira ali wosauka mu 1984, ndipo dzina lake linaitanidwa mu 2024, nalonso kudzera pa khomo la m'mbali. Sindikunena kuti Elvis kapena Joplin sanayenere, chifukwa onse awiri anasiya ngongole zawozawo kwa amene anabwera pambuyo pawo. Ndikunena kuti zaka 38 pakati pa Elvis ndi Thornton si ngozi ya kalendala.

Chifukwa chake sichovuta kuchipeza. Kwa zaka zambiri, makiyi a nyumbayi anali m'manja mwa kagulu ka amuna a m'badwo umodzi, okulira m'nyimbo za m'ma 1960, amene ankanyoza heavy metal ngati phokoso la ana, progressive rock ngati kudzionetsera, ndipo disco ngati malonda. N'chifukwa chake Rush inadikira mpaka 2013, Yes mpaka 2017, ndipo Chic inaikidwa pa mndandanda maulendo 11 osasankhidwa, mpaka anangotenga woyimba gitala wake Nile Rodgers yekha kumulowetsa pambali. Mu September 2023 Jann Wenner, amene anatsogolera bungweli kwa nthawi yaitali, anachotsedwa mu bodi atauza nyuzipepala ya The New York Times mawu osonyeza kuti oyimba achikazi ndi oyimba akuda sankafotokoza maganizo awo mozama mokwanira kuti awaike m'buku lake la zokambirana. Anapepesa pambuyo pake, koma ambiri tinamva ngati munthu wangotchula mokweza chimene mndandanda unakhala ukunong'ona kwa zaka pafupifupi 40.

Apa ndi pamene dzina la Fela Anikulapo Kuti limalowera, ndipo sindimutchula chifukwa chakuti ndi wa ku Africa kuno. Anthu obadwira mu Africa alimo kale m'nyumbamo, monga Freddie Mercury wa ku Zanzibar, amene analowa ndi Queen mu 2001, ndi Dave Matthews wobadwira ku Johannesburg, kungoti nyimbo zawo zinaphikidwa ku London ndi ku America. Fela, wobadwira ku Abeokuta ku Nigeria mu 1938, anaphika zake ku Lagos pamodzi ndi woyimba ng'oma Tony Allen, posakaniza highlife, jazz, funk ndi ng'oma za Chiyoruba kukhala afrobeat, ndipo akuluakulu a rock ndi amene ankayenda ulendo kupita kwa iye. Ginger Baker wa gulu la Cream anajambula naye chimbale mu 1971 ndipo anamanga situdiyo ku Lagos. Paul McCartney, ali mumzindawo mu 1973 kudzajambula chimbale, anapita ku Shrine, malo amene Fela ankaimbirako, kukamuonera, ndipo wakhala akusimba za usiku umenewo ngati chimodzi mwa zodabwitsa za moyo wake woyimba. Talking Heads ndi Brian Eno sanabise kuti chimbale chawo chotchuka cha mu 1980 chinamangidwa pa zimene anaphunzira pomvera Fela, magitala angapo olumikizana ngati nsungwi za dengu pamwamba pa kayimbidwe kamodzi kosasintha. Cream inalowa mu 1993, Talking Heads mu 2002.

Ngakhale titatenga muyeso wa mzimu uja wa Ice Cube, n'kovuta kupeza woyimba wa rock amene analipira mtengo wofanana ndi wa Fela chifukwa cha nyimbo. Mu February 1977 asilikali pafupifupi 1,000 anazinga ndi kutentha nyumba yake ya Kalakuta, anamumenya koopsa, ndipo mayi ake, Funmilayo Ransome-Kuti, anaponyedwa pa windo n'kumwalira chaka chotsatira. Magulu ambiri amene ali ku Cleveland anatchuka ndi kupanduka kophwanya ma TV m'mahotela. Fela anamwalira mu August 1997, anaikidwa pa mndandanda wa opikisana mu 2021 ndi mu 2022, ndipo pofika mwambo wa mu November 2025 ku Los Angeles anali asanaitanidwe.

Pali gulu linanso la obwereketsa limene mayina awo amalembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono kuseri kwa chimbale. Nyumbayi inatsegula khomo la oyimbira anzawo zida mu 2000, n'kulowetsa anthu monga James Jamerson wa besi ya Motown ndi Scotty Moore wa gitala ya Elvis, ndipo mu 2012 inavomereza kulakwa kwake polowetsa magulu 6 amene atsogoleri awo analowa okha kalekale, kuphatikizapo The Crickets ya Buddy Holly ndi The Famous Flames ya James Brown. Ndikafika pamenepa ndimakumbukira Ray Phiri wa gulu la Stimela, wobadwira ku South Africa mu 1947 kwa bambo wochokera ku Malawi. Gitala yopepuka, yothamanga ngati madzi a pa mwala, imene imanyamula mbali yaikulu ya chimbale cha Paul Simon cha mu 1986 chotchedwa Graceland, ndi yake, pamodzi ndi besi ya Bakithi Kumalo. Paul Simon analowa kawiri, mu 1990 ndi Art Garfunkel, ndipo mu 2001 payekha, ndipo n'zovuta kuganiza za ulendo wachiwiriwo popanda chimbale chimenechi. Phiri anamwalira mu 2017. Sindinganene kuti chimbale chimodzi chikukwanira kumutsegulira khomo, pakuti nyimbo imodzi sachezera gule, koma aliyense woyamikira chikho cha Simon ayenera kudziwa manja amene anachinyamula nawo.

Muyeso wangawu uli ndi mano, ndipo unandiluma ine ndemwe tsiku lina amalume atandifunsa kuti, "Nanga Paul Ngozi, mphwanga, ukumuika pati?" Apa iwo ndi amene anali owolowa manja, ine wouma. Zamrock ya ku Zambia ya m'zaka za m'ma 1970 ili ndi zonse zimene lamulo lawo limafuna: gitala yokalipa ya Ngozi Family, gulu la Paul Ngoziyo, kulira kwa Amanaz, ndi WITCH ya ku Kitwe, imene mtsogoleri wake Emmanuel Chanda anapatsidwa dzina lakuti Jagari chifukwa chovina ngati Mick Jagger. Ina mwa nyimbozo inaimbidwa m'chinyanja chimene ife timamva popanda womasulira. Koma mtengo wa mkuwa utagwa, chuma cha dzikolo chinafota, matenda a Edzi anatenga oyimba ambiri, Ngozi mwiniwake anamwalira mu 1989, ndipo chambacho chinazima chisanawoloke nyanja. Pa muyeso wa ngongole, anyamatawa anabwereka kwa Hendrix ndi Black Sabbath zambiri kuposa zimene dziko linabwereka kwa iwo, ndipo ndinayenera kuvomera kuti sindingawavotere patsogolo pa Motörhead. Chimene chimanditonthoza n'chakuti buku lawo silinatsekedwe. Zimbale zawo zinasindikizidwanso ku America, WITCH inatulutsa chimbale chatsopano mu 2023 n'kuyamba kuyenda m'mayiko, ndipo mu 2024 Tyler, the Creator anadula mawu ndi gitala za Ngozi Family n'kumangapo nyimbo imene inamveka dziko lonse. Chodabwitsa n'chakuti amene akubweza dzina la Paul Ngozi m'makutu a anthu ndi mnyamata wa rap, wa mtundu uja amalume sankafuna kudya nawo m'mbale imodzi.

Ena amati zonsezi n'kutaya nthawi, ndipo oyimba ena anaonetsadi kuti nyumbayi alibe nayo ntchito. Sex Pistols inakana kupita ku mwambo wa 2006 n'kutumiza kalata yachipongwe yolembedwa pamanja, Mark Knopfler sanapezeke pamene gulu lake la Dire Straits linkalowa mu 2018, ndipo Cher ananena kumapeto kwa 2023 kuti sangalowemo ngakhale atamulipira, kenako n'kulowa mu 2024 akumwetulira. Ine ndimaona kuti mndandandawu uli ndi ntchito chifukwa mwana wa zaka 15 amene akufuna kudziwa kumene nyimbo zinachokera amayambira pa mayina oterewa, ndipo amene palibe amamuyesa wosafunika. Kuchedwa nakonso kuli ndi mtengo wake. Donna Summer anamwalira mu 2012 n'kulowa mu 2013, Chris Squire wa Yes anamwalira mu 2015 gulu lake n'kulowa mu 2017, ndipo mu 2025 Joe Cocker ndi Chris Cornell wa Soundgarden analemekezedwa onse ali m'manda.

Mu 2021 ine ndi amalume tinavota limodzi kwa nthawi yoyamba. Fela ndi Iron Maiden, gulu la heavy metal, onse anali pa mndandanda, ndipo popeza munthu ankaloledwa kusankha mayina asanu, tinagwirizana kuti ndizivota pa foni yanga ndi mayina awiriwo pamwamba, iwo akundikumbutsa pafupifupi tsiku lililonse ngati munthu wokumbutsa mnzake kumwa mankhwala. Voti ya anthu itatha, Tina Turner anali woyamba, Fela wachiwiri, ndipo The Go-Go's, Iron Maiden ndi Foo Fighters anamaliza asanu apamwambawo. Mu May zotsatira zenizeni zinatuluka. Mwa asanuwo analowa atatu, kuphatikizapo Foo Fighters, imene inali m'chaka chake choyamba choganiziridwa ndipo mtsogoleri wake Dave Grohl anali atalowa kale ndi Nirvana mu 2014. Awiri amene anatsala panja anali Fela ndi Iron Maiden.

Madzulo a tsiku limenelo ndinapita kwawo, ndipo kwa nthawi yoyamba anandilola kulumikiza foni yanga ku masipika awo akale. Ndinaika nyimbo imodzi ya Fela yopitirira mphindi 12. Anakhala chete mpaka malipenga atalowa, kenako anandifunsa kuti woyimba ng'omayo anali ndi manja angati. Ndinawauza kuti anali Tony Allen, munthu mmodzi yekha, ndipo anamwalira ku Paris mu 2020. Anagwedeza mutu, namvetsera mpaka kumapeto, phazi likugunda pansi. Nyimbo itatha anati, "Ameneyu alowe ndithu, mphwanga, anthu aja amulakwira. Koma gitala yake akanaikweza pang'ono." Kenako anadzuka kukatsegula katoni ija.